Kuwerenga ndi khasu paphewa

Chimene chinandichedwetsa kugona usiku umenewo chinali kachizindikiro kochepa kuposa nsabwe. Kusukulu tinkakatchula kuti nkhodolero, kaja kamapezeka mu ng'ombe, m'munda ndi n'chiyani. Ndinali ndi pulogalamu ya shell ya mizere yoposa 400, ntchito yake kutumiza mauthenga a pafoni kwa alimi a m'makalabu powakumbutsa za misonkhano. Seva inali ku Johannesburg, ine ndili pa kaofesi kena ku Zomba, intaneti yake ya pa dongle, yoti ukadina chilembo umayamba wachidikira kuti chipite ndi kubwerako. Masana ake mnzathu wina anali atakonza mawu a uthenga umodzi, ndipo kuchokera pamenepo pulogalamu inangoti zii. Ikati idandaule, inkaloza mzere wa kumunsi kwenikweni, kumene kunalibe cholakwika n'chimodzi chomwe. Ndinaitsegula ndi less monga mwa chizolowezi changa, n'kuiwerenga kawiri kuyambira pamwamba mpaka pansi, zilembo zoyera pa mdima wa bii, mpaka maso anayamba kulasa.

Tinali ndi mnyamata wa kukoleji amene anabwera kudzaphunzira ntchito. Anali atakhala phee kumbuyo kwanga, kudikira kuti ndikamutule panjira popita kunyumba.

"Bwana, tayesani kuitsegula ndi view."

"Iwe, ine ndikufuna kuwerenga. Zolembalembazo ndi zimene zatipweteketsazi."

"Ndi yowerengera yomweyo, bwana. Kungoti ili ndi mitundu."

Ndinayesa pongofuna kumutseka pakamwa. Mizere 36 yoyambirira inaoneka bwinobwino: malamulo achikasu, ndemanga zabuluu, mawu a m'mitengero ofiirira. Pa mzere wa 37 utoto unatayika. Panali uthenga wakuti 'Msonkhano uli m'holo mawa', ndipo kompyuta itafika pa nkhodolero ya mu m'holo inayesa kuti mtengero watsekedwa. Kuyambira apo zonse zinakhala ngati malaya ovala motembenuza. Malamulo anatenga mtundu wa uthenga, uthenga n'kutenga mtundu wa malamulo, mpaka kumapeto kwa fayilo. Vuto limene linandidyera maola awiri linaonekera poyera ndisanameze ndi malovu omwe. Paja mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa.

Usiku umenewo ndinkayesa kuti mnyamatayu wandionetsa za makono. Ndinadzazindikira pambuyo pake kuti kukokanakokana kwa chida chowerengera ndi chida cholembera n'kwakale kuposa iyeyo, ndiponso kuti less imene ndinkaikhulupirira ija inabadwa chifukwa kholo la view linakanika ntchito yomweyi.

Poyambirira palibe ankafuna pager, pulogalamu yoonetsa zolembedwa tsamba limodzilimodzi. Panali pepala. Amene munagwirapo ntchito m'maofesi akuluakulu kapena ku positi zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mukukumbukira makina a telex, aja ankangoyamba kugogoda okha pakona popanda wowakhudza. Makina a mtundu womwewo ndi amene anali pakamwa ndi makutu a makompyuta oyamba a Unix. Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba Unix mu 1969 ku Bell Labs, ku Murray Hill m'chigawo cha New Jersey, ndipo ankalankhula ndi kompyuta kudzera pa makina a Teletype. Otchuka kwambiri anali Model 33, amene anatuluka mu 1963. Ankasindikiza zilembo 10 pa sekondi, zazikuluzikulu zokhazokha, pa mpukutu wa pepala. Ukafuna kuona zimene zadutsa, unkangowerama n'kutola pepala limene lagwera kuseri. Ukafuna kuchonga penapake, pensulo ili kukhutu. Makinawo anatha, koma dzina lawo likadali moyo: pa Linux terminal imatchedwabe tty.

Editor ya Thompson, ed, anaipangira pepala lomwelo. Sinkakuonetsa fayilo pokhapokha utaipempha kuti ndisindikizire mzere wakuti mpaka wakuti, ndipo ukalakwitsa inkangotulutsa mfunsiro umodzi, basi. Ana a lero amaiseka kuti ndi yamwano. Koma pa zilembo 10 pa sekondi, pepala lakenso logula, kuchepetsa mawu unali ulemu.

Galasi ndi limene linabweretsa mavuto. Chapakati pa zaka za m'ma 1970 ma terminal a sikirini anayamba kutsika mtengo: ADM-3A ya kampani ya Lear Siegler mu 1976, kenako VT100 ya DEC mu 1978. Muyezo umene unakhazikika unali mizere 24 ya zilembo 80, ndipo 80 ameneyu ndi cholowa chochokera ku makhadi obowola a IBM a mu 1928. Galasi siligwetsa pepala pansi. Mzere ukakwera n'kutulukira pamwamba, ndiye kuti wapita. Tachitani masamu ake: mizere 24 ya zilembo 80 ndi zilembo 1,920. Pa lamya ya 300 baud, imene inkanyamula zilembo pafupifupi 30 pa sekondi, sikirini inkadzaza pa mphindi imodzi ndi kanthu, munthu n'kumawerenga zikubwera. Pa waya wa 9600 baud inkadzaza pa masekondi awiri. Ukalamula cat kuti ikuonetse fayilo yaitali, zonse zinkadutsa ngati mtsinje wosefukira, iwe n'kutsala ndi mizere 24 yomaliza. Mankhwala ake anali kuchita mpikisano ndi zala: Ctrl-S kuti ziime, Ctrl-Q kuti zipitirire. Mabatani awiriwa nawonso ndi a nthawi ya Teletype, kumene ankaimitsa ndi kuyambitsa kachipangizo kowerenga tepi ya pepala. Akadalipo mpaka lero, ndipo ndi amene amaliza ophunzira atsopano. Munthu wazolowera Windows, wadina Ctrl-S kuti asunge ntchito yake, terminal n'kuuma gwa, iye n'kumati kompyuta yafa.

Ku yunivesite ya California ku Berkeley kunali kapulogalamu kotchedwa cr3. Kankaonetsa tsamba limodzi, n'kuliza belu la terminal, n'kudikira. M'chipinda chodzaza ma terminal, aliyense akuwerenga zake, mabeluwo ankasokosera ngati njinga za kabaza pa depoti. Daniel Halbert, amene ankachita maphunziro apamwamba kumeneko, anali ataona njira ina ku MIT, pa makina a ITS, kumene tsamba likadzaza pansi pake pankangolembedwa mawu akuti --MORE-- mwakachetechete. Mu 1978 analemba pulogalamu yake n'kuipatsa dzina lomwelo, more. Eric Shienbrood ndi Geoff Peck anaiwonjezera zina, inalowa mu 3BSD, ndipo kuchokera kumeneko inafalikira kulikonse kumene Unix inafika. Udina space, tsamba lina labwera. Udina q, watuluka. Chilema chake chinali chimodzi: inali galimoto yopanda livesi.

Pa sukulu yomweyo, zaka zomwezo, chida cholembera chija chinali chili pa moto. Mu 1976 George Coulouris wa ku Queen Mary College ku London anafika ku Berkeley atanyamula editor yake yotchedwa em, imene inali ed yofewetsedwa kuti anthu wamba aithe. Bill Joy ndi Chuck Haley anatengapo nzeru n'kupanga ex, ndipo Joy anaiwonjezera njira yoonetsa fayilo pa sikirini yonse, munthu n'kumayendamo. Njira imeneyo ndi imene inadzatchedwa vi mu 2BSD ya mu 1979. Joy ankalemba pa ADM-3A, ndipo pa kiyibodi ya makinawo mivi inali yojambulidwa pa mabatani a h, j, k ndi l. N'chifukwa chake mpaka lero j amatsitsa, k amakweza. Batani la Esc linali pamene ife timapeza Tab, pafupi ndi chala, osati kutali kumene timalifikira modzikoka masiku ano.

Ndiye ngati vi inkatha kupita kutsogolo ndi kumbuyo, kufufuza mawu, kulumphira pa mzere uliwonse, panalinso chifukwa chanji chovutikira ndi more? Anthu anafunsa funso limeneli kalekale, ndipo yankho lake loyamba ndi view. Iyi si pulogalamu ina ayi. Ndi vi yomweyo, kungoti ikaitanidwa ndi dzina limeneli imadziwa kuti fayilo ndi yongowerenga. Nayonso more inali ndi kakhomo kake: ukadina v inkakuponyera mu vi pamalo pamene wafika. Zida ziwirizi zinakula ngati ana a nyumba zoyandikana, kubwerekana mchere pampanda.

Mbali ya mbiriyi imene imandikomera kwambiri ndi ya mu 1983. Mark Nudelman ankagwira ntchito ku kampani ya Integrated Office Systems, ndipo mapulogalamu awo ankalemba ma log akuluakulu, mafayilo aja amene makina amalembamo chilichonse chimene chachitika. Iye ndi anzake ankafuna kufufuzamo mauthenga a zolakwika. Chida chimene ankachifuna chinali vi, koma vi yawo inali ndi malire a kukula kwa fayilo, ndipo ma log ankadutsa malirewo. Anakakamizika kugwiritsa ntchito more. Tsono aliyense amene anasakapo vuto mu log akudziwa kuti uthenga wa cholakwika ndi maliro chabe. Matenda ake ali m'mizere ya m'mbuyo, ndipo more sinkabwerera. Ukapeza uthengawo unkayenera kutuluka, kuyambiranso pamwamba, n'kuyesa kuima usanafike. Anthu ankadandaula kuti tikufuna more yoyenda chafutambuyo, wina n'kuseka kuti imeneyo ndiye less, poti m'Chingerezi mawu awiriwa ndi otsutsana. Nudelman anailemba, ndipo mu 1985 anaigawira anthu onse kudzera pa Usenet.

Mukayang'anitsitsa mabatani a less muona kuti ndi mwana wa ndani. j ndi k, G wolumphira kumapeto, mzere wopendekeka wofufuzira, n wopitira pa mawu otsatira: zonsezi ndi za kwa vi. Nudelman anatenga miyendo ya vi n'kusiya manja. Anaipatsanso nzeru imene editor ilibe: less siyembekeza kuwerenga fayilo yonse isanakuonetse tsamba loyamba. Imatunga zokwanira sikirini, zina n'kumatunga pamene ukuyenda. Ndiye fayilo ikhale yaikulu bwanji, kapena zikhale zochokera ku pulogalamu ina kudzera mu paipi zimene sizinathe n'kutuluka komwe, iyo imatsegula nthawi yomweyo.

Kwa zaka zoposa khumi nkhani inaoneka ngati yatha. Wowerenga ali ndi chake, wolemba ali ndi chake. Chinadzasokonezanso ndi mitundu.

Terminal zakale zinalibe mitundu, koma zinali ndi chinyengo chimene mataipisti athu ankachidziwa bwino. Mayi anga aang'ono anali taipisti, ndipo ndikukumbukira mmene ankadetsera mutu wa kalata: kumenya chilembo, kubweza kareji kamodzi, kumenyanso chilembo chomwecho. Podula mzere kunsi ankachita chimodzimodzi. Buku la malangizo a Unix, limene linatuluka koyamba mu 1971 ndipo timaliwerenga ndi lamulo la man, linatengera njira yomweyo. Pulogalamu ya nroff ikafuna chilembo chakuda kwambiri imatulutsa chilembocho, backspace, ndi chilembo chomwecho kachiwiri. Pa pepala zinkatheka zokha. Pa galasi, pager inayenera kuphunzira kuzindikira kagogodedwe kameneka n'kukasandutsa chilembo chowala kapena chodulidwa mzere kunsi, ndipo less imachitabe zimenezi. Ukaona mutu wowala m'tsamba la man, dziwa kuti ndi mzukwa wa taipisti.

Mitundu yeniyeni inadzera njira ina. Malamulo a ECMA-48, amene anayamba mu 1976, ndi a ANSI X3.64 a mu 1979 anakhazikitsa timawu tachinsinsi touza terminal zochita, toyamba ndi chilembo cha Esc. Mitundu 8 yoyambirira ili ndi manambala kuyambira 30 mpaka 37: 31 ndi chofiira, 32 chobiriwira, 33 chachikasu, ndipo 0 amabwezera zonse mwakale. less ikapatsidwa -R imalola timawu timeneti kudutsa kuti terminal ipake utoto. Koma iyo payokha sidziwa kuti awa ndi malamulo, iyi ndi ndemanga. Ili ngati mtengatenga wonyamula chitini cha penti: akafikitsa, koma kupaka si ntchito yake.

Kupaka mitundu molingana ndi galamala ya zolembedwa kunakulira kwa olemba, osati kwa owerenga. Imodzi mwa ma editor oyambirira kuchita zimenezi sinapangidwire n'komwe olemba mapulogalamu. Mu 1985 Mike Cowlishaw wa ku IBM analemba LEXX yothandizira akonzi a Oxford English Dictionary, kuti aziona mwa mtundu kuti apa ndi mawu, apa tanthauzo, apa chitsanzo. Ine zimandikumbutsa aphunzitsi athu a Chichewa a mu Sitandade 7, amene ankabwera ndi choko cha mitundu itatu m'thumba la malaya: mayina choyera, aneni chofiira, afotokozi chachikasu. Chiganizo chikakhala chopanda mneni tinkaona tili kumbuyo kwa kalasi, tisanachiwerenge n'komwe, poti pa bolodi panalibe chofiira.

Vi ya Bill Joy sinapakepo mitundu. Amene anabweretsa choko ndi Bram Moolenaar wa ku Netherlands. Anagula kompyuta ya Amiga, ankafuna vi imene anaizolowera, ndipo pa Amiga panalibe. Anatenga Stevie, pulogalamu yotsanzira vi imene Tim Thompson analembera Atari ST mu 1987, n'kuyamba kuisula. Kenako Vim inatuluka pa disiki nambala 591 ya m'gulu la madisiki aulere amene Fred Fish ankagawa. Poyamba dzinalo linkatanthauza kutsanzira vi, kenako linasinthidwa kukhala vi yokonzedwa bwino. Mu 1998, pa Vim 5.0, mitundu inafika. Chinenero chilichonse chili ndi fayilo yake ya malamulo ouza Vim kuti ukaona mtengero paka mtundu wakuti mpaka upeze unzake, ukaona chizindikiro cha ndemanga paka wakuti mpaka mzere uthe. Pano mafayilo oterewa alipo mazanamazana. Vim simvetsa tanthauzo la pulogalamu yako. Imangotsata maonekedwe, ndipo imanamizika pamalo pomwe shell imanamizikira. Kunamizika pamodzi kumeneko ndi kumene kunandipulumutsa ku Zomba kuja.

Ndipatukeko pang'ono, poti munthuyu sindingamutchule n'kungodutsa. Moolenaar anakagwira ntchito yodzipereka ku Kibaale ku Uganda mu 1994, pa malo osamalira ana amasiye, ndipo atabwerera kwawo anayambitsa bungwe la ICCF Holland. Vim sankaigulitsa. Ankangopempha kuti amene yamukomera athandize ana a kumeneko, ndipo aliyense amene anatsegulapo Vim popanda fayilo anauonapo uthenga umenewu pakati pa sikirini. Kwa ine, m'zaka zimene chilichonse cha pa kompyuta chinkanena za California, kuona dzina la dziko la kuno kwathu ku Africa pa chida chimene ndimagwira tsiku ndi tsiku sichinali chinthu chaching'ono. Anamwalira pa 3 Ogasiti 2023 ali ndi zaka 62.

Mitundu itafika mu Vim, anthu anayamba kuchita manyazi ndi less. Fayilo yomweyo, mu editor ikuwala ngati chitenje chatsopano, mu pager ili mbuu. Moolenaar mwiniwake anaona zimenezi n'kuika mu Vim timafayilo tiwiri, less.vim ndi less.sh, m'foda ya macros. Tikadalimo, ndipo anthu ambiri amene agwiritsa ntchito Vim kwa zaka sadziwa kuti ali nato. Ukalemba :help less mu Vim umapeza malangizo ake. Chimene less.vim imachita n'chosavuta kumva: imayatsa mitundu, imatseka fayilo kuti isasinthike, ndipo imaphunzitsa Vim mabatani a less. Space amapita tsamba lotsatira, b amabwerera, q amatulutsa popanda zija za kudina Esc ndi kulemba :q. Koma v anamusiyira ntchito yake yakale: ukamudina, maloko onse amatseguka n'kukhala mu editor yeniyeni. Nayo less.sh imayamba yaona ngati zotuluka zikupita pa sikirini. Ngati zikupita mu paipi, imangoitana cat n'kudzichotsapo.

Taonani tsono mmene njira yazungulira. Mu 1983 munthu analemba pager yotsanzira vi chifukwa vi inakanika kukhala pager. Patapita zaka, mdzukulu wa vi akuvala malaya a pager yomweyo, kutsanzira amene ankatsanzira agogo ake.

Ine ndinalowa chipembedzo chatsopanochi ndi mtima wonse, monga amachitira otembenuka mochedwa. Chilichonse ndinkatsegula ndi Vim. Ndinaphunzira kuti ukaika kamzere kamodzi kutsogolo kwa dzina lake, vim -, imawerenga zochokera mu paipi. Ndinasintha MANPAGER kuti masamba a man azitsegukira momwemo. Apa ndi pamene ndinayamba kukumana ndi nyerere za mu mkuyu. Tsamba la man linabwera lodzaza ndi ^H paliponse, mizukwa ya taipisti ija ili poyera, poti Vim sinkadziwa kuti backspace ndi chinyengo. Mankhwala ake anali kudutsitsa kaye mu col -b kuti isese. Kenako git, imene imapaka yokha mitundu n'kutumiza kwa less ndi R uja: ukaiuza kuti pager wako ndi Vim, umalandira ^[[31m ndi ^[[32m mbwee pakati pa mawu. Umayenera kuuza git kuti isapake, Vim ipake yokha, kapena kuika zowonjezera monga AnsiEsc ya Charles Campbell, kapena vimpager. Chilichonse chili ndi mankhwala, koma fayilo yanga ya .bashrc inayamba kuoneka ngati thumba la sing'anga.

Vuto la Nudelman nalo silinafe, linangosintha nkhope. Vim ilibe malire ang'onoang'ono a vi ya mu 1983, koma imafunabe kumeza fayilo yonse isanakuonetse kanthu. Tsiku lina ndinatsegula log ya magigabayiti awiri pa seva ya memory yochepa, n'kukhala ndikuyang'ana sikirini yakuda pamene mapulogalamu ena onse pa sevapo akupuma movutikira. Ukaipatsanso zochokera mu paipi zimene sizitha, imadikira mpaka kalekale. less ikanatsegula ndisanachotse chala pa Enter, ndipo ukadina F imakhala ikukuonetsa mizere yatsopano pamene ikulembedwa.

Koma chimene chinandibweza si zimenezi. Ndi chilembo cha d.

Mu less, d amatsitsa theka la tsamba. Zala zanga zinamuzolowera kwa zaka zambiri: d, d, d, kutsika ndi fayilo. Mu Vim yeniyeni, d kawiri amafufuta mzere. Nthawi imeneyo ulesi unali utandilowa, view ndi less.sh ndinali nditazisiya, ndinkangolemba vim poti ndi zilembo zitatu. Madzulo ena ndinatsegula /etc/crontab ndili root, pa seva ya bungwe lina limene ndinkaligwirira ganyu, kungofuna kuona kuti ntchito ina imayamba nthawi yanji. Foni inalira. Ndikulankhula, dzanja lamanzere linachita zimene linazolowera, d kanayi. Pa intaneti yochedwa ija sikirini inagwedezeka pang'ono, ine n'kuyesa kuti yatsika. Nditamaliza kulankhula dzanja lomwelo linalemba :wq, poti ndi mmene limatulukira mu Vim likamaliza ntchito. Mizere iwiri inapita. Umodzi unali ndemanga. Winawo unali wolamula kuti deta isungidwe kwina usiku uliwonse.

Palibe chinalira. Seva inapitiriza kugwira ntchito bwinobwino, ndipo ndinadzazindikira patapita milungu itatu, mayi wina wa mu ofesi ya zachuma atandiimbira kuti, "Achimwene, ndafufuta fayilo mwangozi, tandibwezeretsereni ya dzulo." Ya dzulo kunalibe. Tinapeza ya milungu itatu yapitayo, ndipo mayiyo analowetsanso pamanja zonse za pakatipo, masiku awiri athunthu, osandinyoza ngakhale kamodzi. Bola akanandinyoza.

Agogo anga aamuna sankalola kuti munthu adutse m'munda wa eni khasu lili paphewa. Ankati ulisiye m'mphepete, kapena uzungulire. Sikuti ankaganiza kuti ukaba. Ankati dzanja lozolowera khasu likaona udzu limalima lokha, ndipo udzu wina mwini munda anausiya dala. Kale ndinkayesa kuti kusatha kulemba ndi umphawi wa less. Pano ndimaona kuti ndi chimene Nudelman anatipatsa chachikulu, ngakhale iye ankangofuna livesi. Ngakhale view siteteza mokwanira: imakuchenjeza kamodzi, koma imakulola kusintha, ndipo ukawonjezera mfuwuliro pa :w imasunga ngati uli ndi mphamvu pa fayiloyo. Loko weniweni ndi vim -M, amene salola kusintha kapena kusunga, kapenanso less.vim ija imene ndinaisiya chifukwa cha ulesi, momwe d amatsitsa theka la tsamba monga mwa nthawi zonse.

Anthu ena anadzera njira inayo, yopititsa utoto kwa wowerenga m'malo mokokera wowerenga kwa wolemba. less ili ndi khomo lotchedwa LESSOPEN, lolola kuti fayilo idutse kaye mu pulogalamu ina isanaonetsedwe. Pakhomo pamenepo anthu amaikapo GNU Source-highlight ya Lorenzo Bettini, kapena Pygments imene Georg Brandl anayamba mu 2006, kuti zipake, less n'kungonyamula. Mu 2018 David Peter anatulutsa bat, yolembedwa m'chinenero cha Rust, imene imapaka mitundu ndi kuika manambala a mizere. Achinyamata amene ndimagwira nawo ntchito amaikonda kwambiri, ndipo ena amati less ndi ya madala. Sindiwatsutsa. Ndimangowauza kuti atsegule fayilo yaitali ndi bat, kenako adine h. Chimene chimatuluka ndi tsamba la malangizo a less, poti bat ikamaliza kupaka imapereka kwa dala yemweyo kuti atembenuze masamba. Kumbali inayo, Neovim, imene Thiago de Arruda anaipatula ku Vim mu 2014, inakonza bwino nkhani ya man: ukaika nvim +Man! mu MANPAGER, tsamba limabwera loyera, la mitundu, ndipo ukhoza kulumpha kuchoka pa tsamba lina kupita pa lina ngati pa intaneti. Imeneyi ndimaigwiritsa ntchito, ndipo sindinapezepo chodandaula.

Lero m'fayilo yanga ya .bashrc mwatsala mizere itatu yokha ya nkhani imeneyi. Ma log ndi zonse za mu paipi zimapita kwa less. Masamba a man amapita kwa Neovim. Mapulogalamu ndi mafayilo a mu /etc ndimawawerenga ndi kalamulo kanga kamene ndinakatcha ona, kamene kamaitana Vim ndi less.vim, koma batani la v ndinalichotsamo. Ndikafuna kusintha kanthu ndimayenera kutuluka ndi q, n'kulemba vim ndi dzina lonse la fayilo, chilembo chimodzichimodzi.

Mnyamata wa view uja pano ndi mkulu wa za makompyuta pa kampani ina ku Lilongwe, ali ndi anthu ake amene amamutchula kuti bwana. Chaka chatha anadutsira ku Zomba, tinakhala pa laputopu yanga kuyang'ana pulogalamu ina ya mauthenga imene inkakana kulowetsa dzina la mudzi mu database. Ndinalemba ona, mitundu inabwera, ndipo pa mzere wa SQL utoto unali utatayikanso, kuyambira pa ng' wa m'dzinalo. Anatambasula dzanja n'kudina v kuti akonze. Palibe chinachitika. Anadinanso, kenako anandiyang'ana.

"Bwana, mpaka pano mukuopabe d?"

Ndinati eya, n'kumusunthira laputopu kuti atuluke yekha ndi q.